Zambezi ndi mtsinje wa tonse

Anzathu aphunzitsi, Zambezi ndi mitsinje yothira mwa iye amamwetsa maiko 8. Damu la Kariba linatha mu 1959, la Cahora Bassa mu 1974. Madamuwa amatipatsa magetsi, komatu anacepetsa kusefukira kwa caka ndi caka kumene kunkasiya conde m'madimba a kumunsi. Mvula ikakana, monga mu 1992 ndi 2024, wa kumtunda akasunga madzi, wa kumunsi amalira. N'cifukwa cake mu 2004 panasainidwa pangano lokhazikitsa bungwe la ZAMCOM, kuti maikowa azigawana madzi mwacilungamo.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Tikadula mitengo m'mphepete mwa Revúbuè ku Angónia, dothi limakokolokera ku Tete. M'kalasi tiwafunse akuluakulu: ndi mitsinje iti inaphwa mu 1992? Ophunzira alembe maina ake.