Njere za thonje ndi kunenepa zimafooketsa nkhunzi zobereketsa

Njere za thonje ndi keke yake zili ndi gossypol, mankhwala achilengedwe amene amawononga umuna. Kafukufuku wasonyeza kuti nkhunzi, makamaka zazing'ono, zikadya zambiri, umuna umachepa ndipo suyenda bwino.

Vuto lina ndi kunenepa. Chakudya chonona kwambiri chimaunjika mafuta m'thumba la machende, choncho machendewo amatentha, pomwe amayenera kukhala ozizirirapo kuposa thupi ndi madigiri 2 mpaka 6. Nkhunzi yotere imaoneka yathanzi ndipo imakwera, koma zazikazi zambiri sizitenga bere.

Umuna umatenga masiku pafupifupi 60 kuti ukhwime. Motero alangizi alimbikitse alimi kusiya kupatsa nkhunzi chakudyachi pakatsala miyezi iwiri kuti iyambe kukwera. Keke ya thonje aisungire ng'ombe zothena zonenepetsa.