Mitengo ya ku Bunda ndi Phindu la Msangu

Anthu ambiri a kwa Mitundu amadutsa pa sukulu ya ukachenjede ya Bunda popita kumsika, koma ndi ochepa amene amaima kuti ayang'ane mitengo ya m'derali. Sukuluyi inakhala mbali ya University of Malawi m'chaka cha 1967, ndipo kuyambira 2012 ili pansi pa LUANAR. Aphunzitsi amene ali pafupi angachite bwino kupempha chilolezo ndi kupita ndi ana awo kukaona mitengoyi.

M'munsi mwa phiri la Bunda muli mitengo yachilengedwe monga mombo, yomwe masamba ake anthete amafiira mu September mvula isanagwe. Palinso bulugamu wobzala, amene anachokera ku Australia. Iyeyu amakula msanga ndipo amapereka milimo ya zigafa, koma amamwa madzi kwambiri. Musamubzale pafupi ndi chitsime kapena dimba.

Mtengo umene akatswiri a zaulimi amauyamikira koposa ndi msangu. Khalidwe lake ndi lodabwitsa: mitengo ina ikamaphuka ndi mvula yoyamba, msangu umayoyola masamba, ndipo umabiriwira m'chilimwe ina itauma. Chifukwa chake chimanga cha pansi pake sichisowa dzuwa. Masamba ogwawo amaola nasanduka manyowa pa nthawi imene mbewu zikufuna chakudya, ndiponso mizu yake imaonjezera chonde m'nthaka monga zichitira mtedza ndi nandolo. Zipatso zake zimadyedwa ndi ng'ombe ndi mbuzi msipu ukatha.

Njere ya msangu ndi yolimba khungu, choncho ikandeni pang'ono pamwala musanafese. Mbande isakhalitse m'chubu, popeza muzu wake waukulu umathamangira pansi, ndipo ukapindika mtengo sukula bwino. Bzalani motalikirana mamita 10, ndipo tchingirani mbuzi. Tinene zoona: phindu lake silioneka chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo alimi ena amatopa naudula usanayambe ntchito yake. Uku ndi kutaya feteleza wosagula.

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 December kufikira pa 15 April. Anzathu a kwa Mitundu ndi ku Nathenje, funsani alangizi a zaulimi za mbewu ya msangu mvula isanayambe.