Malonda a Mbewu pa Intaneti: Kaphukusi N'kakang'ono, Koma Mlandu Wake Ngwaukulu

Mu July 2020 anthu ambiri a ku America anayamba kulandira timaphukusi tomwe sankatiyembekezera. Pamwamba pake panali zilembo za Chitchaina, ndipo pa tina panalembedwa kuti m'katimo muli ndolo kapena mikanda. Koma potsegula ankapezamo njere za mbewu. Pasanathe masabata ambiri, nkhaniyi inali itamveka m'zigawo zonse 50 za dzikolo, komanso ku Canada, Britain, Australia ndi Japan. Unduna wa zaulimi ku America unachenjeza anthu kuti njerezo asazibzale, asazitayenso pabwalo, koma azipereke kwa akuluakulu a zaulimi.

Akatswiri ataziyeza anapeza kuti zambiri zinali mbewu wamba monga mpiru, kabichi, zitsamba zonunkhiritsa ndiwo ndi maluwa. A boma anaganiza kuti ichi chinali chinyengo cha amalonda ena, omwe amatumiza kanthu kotchipa ku keyala ya munthu ndi cholinga choti adzilembere okha ndemanga zoyamikira malonda awo m'dzina la munthuyo. Mu 2021 mtolankhani wa magazini ya The Atlantic anafufuzanso nkhaniyi, napeza kuti ambiri mwa anthu omwe anacheza nawo anaitanitsadi mbewuzo nthawi ya mliri wa Covid-19, koma anali ataiwala chifukwa katundu anachedwa kufika. Kaya zoona zili pati, chodziwika n'chakuti njerezo zinalowa m'maiko a eni popanda woziyeza.

Mu September 2020, kampani ya Amazon, yomwe ili ndi msika waukulu pa intaneti, inaletsa amalonda a kunja kugulitsa mbewu ndi zomera kwa anthu a ku America. Chiletsocho sichinasankhe wachinyengo kapena wachilungamo. Paja akulu anati ikaola imodzi zaola zonse. Nkhani yathu lero ili pa amalonda ang'onoang'ono oterewa: chimawavuta n'chiyani, amachita bwanji, nanga ife a kunyanja tingatolepo chiyani?

Kodi malamulowa amati chiyani?

Pa misika ya pa intaneti monga eBay, Etsy ndi Amazon, munthu wolima maluwa kuseri kwa nyumba yake atha kupeza wogula amene ali kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Njere n'zopepuka, zimalowa mu envulopu, ndipo positi yake siidula. N'chifukwa chake malondawa anakopa anthu ambiri. Koma m'maso mwa boma, envulopu ya njere si kalata ayi. Ndi katundu wamoyo, wokhoza kunyamula matenda, mazira a tizilombo kapena njere za udzu woononga minda.

Mu 1951 maiko anapangana mgwirizano woteteza zomera wotchedwa International Plant Protection Convention, womwe likulu lake lili ku bungwe la FAO mumzinda wa Rome. Maiko oposa 180 ali m'mgwirizanowu, ndipo Malawi ndi limodzi mwa iwo. Mutu wake ndi uwu: dziko lililonse lili ndi ufulu wonena zomera zomwe zingalowe ndi zomwe sizingalowe, ndipo dziko lotumiza liyenera kuyeza katunduyo ndi kupereka chiphaso chotsimikiza kuti alibe matenda. Chiphasochi pa Chingerezi amati phytosanitary certificate. Sichilembedwa ndi wogulitsa, ngakhale atakhala katswiri wotani. Chimalembedwa ndi woyeza wa boma. Nthawi zambiri wogula nayenso amayenera kukhala ndi chilolezo cha dziko lake choitanitsira mbewuyo.

Maiko a mu European Union anakhwimitsa malamulo awo pa 14 December 2019. Kuyambira tsikulo pafupifupi chomera chilichonse chochokera kunja, ngakhale zipatso za m'chikwama cha wapaulendo, chinafunika chiphaso. Anangopatula zipatso zisanu: chinanazi, nthochi, kokonati, tende ndi chipatso cha ku Asia chotchedwa durian. Ku Australia nako, pansi pa lamulo lawo la 2015, mbewu iyenera kukhala pa mndandanda wa zololedwa, yolembedwa dzina lake lonse la sayansi, ndiponso yopanda dothi ngakhale pang'ono. Pamalo olandirira makalata a kunja amagwiritsa ntchito makina ounikira ndi agalu onunkhiza. Kaphukusi kolakwira lamulo kamalandidwa ndi kuonongedwa.

Mavuto a wamalonda wamng'ono

Kampani yaikulu yotumiza matumba mazanamazana a mbewu imatenga chiphaso chimodzi pa katundu yenseyo, ndipo mtengo wake sumveka kuwawa. Koma mayi wogulitsa timapaketi ta njere za tomato amafunika chiphaso pa phukusi lililonse lopita kwa wogula aliyense. Kawirikawiri mtengo wa kuyezetsa ndi chiphaso umaposa kutalitali mtengo wa kapaketiko. Palinso nthawi: chiphaso chimagwira ntchito masiku owerengeka, ndipo mmera wamoyo sudikira. Ukakhala masiku ambiri m'bokosi kudikira woyeza, umafika utafota.

Phukusi likalandidwa pachipata, wogula amafuna ndalama zake, ndipo ena amalembanso ndemanga zonyoza pa tsamba la wogulitsa. Pa misika imeneyi mbiri ndiyo mpamba. Wamalonda wa ndemanga zoipa amathawidwa, ndipo eni msika atha kumutsekera malonda ake. Choncho amaluza katundu, ndalama ndi dzina nthawi imodzi.

Amalonda a ku Britain anazionera pafupi zimenezi. Dziko lawo litatuluka mu European Union, kuyambira pa 1 January 2021 mbewu zopita ku France, Germany kapena Ireland zinayamba kufuna ziphaso. Chodabwitsa chinali chakuti ngakhale chigawo cha Northern Ireland, chomwe chili pansi pa ufumu womwewo, chinatsalira m'malamulo a zomera a ku Ulaya. Mlimi wa ku England anapezeka kuti sangatumize kapaketi kwa munthu wa ku Belfast monga ankachitira kale, ndipo ogulitsa ambiri anangolengeza kuti asiya kutumiza kumeneko. Mbewu ya mbatata ya kachewere ya ku Scotland, yomwe njotchuka, inaletsedwa kulowa mu European Union. Pangano la Windsor Framework la mu 2023 linafewetsako zina zokhudza Northern Ireland, makamaka pakati pa alimi ndi amalonda olembetsedwa.

Tisaganize kuti malire ake ndi a maiko okha. Ku America matenda oononga malalanje ndi mandimu atapezeka ku Florida mu 2005, boma linaika ziletso pa kasamutsidwe ka mbande za mitengoyi kuchoka m'madera ogwidwa. Wogulitsa wa m'dziko lomwelo ayenera kudziwa chigawo chomwe angatumizeko ndi chomwe sangatumizeko.

Nanga bwanji osangofewetsa?

Tikamva madandaulo a amalondawa, mtima umafuna kuwaikira kumbuyo. Koma tiyeni tionenso mbali inayo. Mu 2013 kum'mwera kwa Italy, m'chigawo cha Puglia, kunapezeka kachirombo kotchedwa Xylella fastidiosa, komwe kamatseka mitsempha yoyendamo madzi mu mtengo. Kapha mitengo ya azitona mamiliyoni, ina mwa iyo ya zaka mazanamazana, yomwe mabanja ankadalira popanga mafuta. Ofufuza anatsata mapazi ake napeza kuti mwachidziwikire kanabwera ndi mitengo ya khofi yokongoletsera pakhomo yochokera ku Costa Rica. Palinso matenda a tomato ndi tsabola omwe anaoneka koyamba ku Israel mu 2014 ndi ku Jordan mu 2015. Awa amayenda pa njere yeniyeniyo, ndipo njere yodwala siisiyana ndi yabwino poiona ndi maso. N'chifukwa chake mu 2019 America ndi maiko a ku Ulaya anaika malamulo apadera pa njere za mbewu ziwirizi.

Ife a m'mphepete mwa nyanja sitifunika kupita ku Italy kuti timvetse. Akuluakulu athu akukumbukira kodikodi, tizilombo toyera tija tomwe tinapinimbiritsa chinangwa. Kwawo kwenikweni ndi ku South America. Tinalowa mu Africa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 titakwera pa mitengo ya chinangwa yobzala, tinayamba kuoneka ku Congo, ndipo mu 1985 tinapezeka ku Nkhata Bay. M'midzi yodalira kondowole munalowa njala. Chinatipulumutsa ndi kamavu kakang'ono kodya kodikodi, komwe akatswiri a bungwe la IITA anakatenga ku South America komweko ndi kukamwaza m'maiko a mu Africa.

Tikudziwanso chisaka cha nthochi, chomwe chinaoneka koyamba kuno chapakati pa zaka za m'ma 1990 ku Nkhotakota. Pafupi chimafalitsidwa ndi nsabwe za nthochi, koma ulendo wautali chimayenda ndi anthu onyamula ana a nthochi kukabzala kwina. Minda ya ku Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje inatha, mpaka misika yathu inayamba kudalira nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Nanga namasupuni? Nayenso kwawo ndi ku South America, ndipo anthu anamufalitsa m'maiko ambiri chifukwa cha kukongola kwa duwa lake. Asodzi a mu Shire ndi ogwira ntchito pa malo opangira magetsi ku Nkula akudziwa zomwe udzu wa m'madzi umenewu umachita. Onse omwe ananyamula zomerazi sanali ndi mtima woipa. Anangofuna mbewu yabwino kapena duwa lokongola.

Momwe achilungamo amachitira

Alipo amalonda omwe amasankha njira yachidule: kulemba pa phukusi kuti ndi mphatso, mikanda kapena zoseweretsa ana. Limeneli ndi bodza, ndipo limaika pa mlandu wotumiza ndi wolandira yemwe. Koma ambiri apeza njira zoongoka.

Ena anangosiya kugulitsa kunja. Pa tsamba lawo amatchula maiko ndi zigawo zomwe satumizako, kuti munthu asalipire chinthu chomwe sichidzamufika. Ena amasonkhanitsa maoda ambiri a dziko limodzi, kutenga chiphaso chimodzi, ndi kutumiza katundu yense kwa mnzawo wolembetsedwa wa m'dzikolo, yemwe amagawira ogula. Ogulitsa mbande amatsuka mizu mpaka dothi lonse litachoka, pakuti maiko ambiri salola dothi lachilendo. Enanso amagulitsa timbande tomeretsedwa mu labotale, totsekeredwa m'mabotolo, tomwe sitinakhudzepo nthaka.

Boma la America lili ndi chilolezo chapadera cha mbewu zochepa. Wogula ndiye amachipempha, ndipo chikapezeka mbewu zololedwa zimalowa popanda chiphaso cha dziko lotumiza, malinga kapaketi kalikonse kasapitirire njere 50 kapena magalamu 10, ndipo phukusi lisapitirire timapaketi 50. Phukusilo limayamba lafika kwa oyeza a boma lisanapite kwa mwini wake. Apa tikuona kuti lamulo litha kuteteza minda popanda kupha wamalonda wamng'ono, ngati olemba malamulo amukumbukira.

Phunziro kwa ife

Mabanja ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ali ndi abale ku Johannesburg, Durban, Leicester ndi kwina. Mwana akalakalaka za kumudzi amapempha nthanga za maungu, njere za therere kapena bonongwe kuti akabzale kuseri kwa nyumba. Nayenso pobwera amafuna kutitengera mbewu yomwe waiona ikubereka bwino kumeneko. Achinyamata athu ayambanso kugulitsa mbande za zipatso ndi ana a nthochi pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo ena amaitanitsa njere kunja ndi foni ya m'manja. Malamulo tafotokozawa amakhudza onsewa, kaya katunduyo ngwamalonda kaya ndi mphatso.

Tisanatumize kapena kuitanitsa, tiyambe tafunsa. Paja safunsa anadya phula. Mlangizi wa zaulimi wa m'dera lathu atha kutilozera njira, ndipo zilolezo ndi ziphaso zimachokera ku nthambi ya kafukufuku ya Unduna wa Zaulimi, yomwe malo ake odziwika ndi monga Chitedze ku Lilongwe ndi Bvumbwe ku Thyolo. Pa phukusi tilembe zoona zokhazokha. Tikalandira njere zomwe sitikuzidziwa, tisazibzale kuti tione chomwe chimere, koma tizipereke kwa alangizi. Ndipo ngakhale m'dziko mwathu momwe muno, ana a nthochi ndi mitengo ya chinangwa tizigula kwa alimi omwe minda yawo inayenderedwa ndi alangizi, osati kungokopeka ndi chithunzi cha pa foni.

Wamalonda wotsata lamulo amachedwa, ndipo phindu lake limachepa. Zimenezo sitikukana. Koma mtengo wa chiphaso amalipira munthu mmodzi kamodzi kokha, pamene mtengo wa kodikodi ndi chisaka tinalipira tonse, ndi ana omwe, kwa zaka zambiri.