White book ya shopu yanga inali m'thumba la munthu wina

Inu amene mumakwera basi m'mawa uliwonse mukudziwa kuti kondakita ndiye amagwira ndalama, dalaivala amagwira chiwongolero, koma basi si yawo. Mwini wake ndi uja amene dzina lake lili mu white book. Zinanditengera zaka zisanu kuti ndidziwe kuti pa intaneti napo pali white book, ndipo ya bizinesi yanga inali ndi munthu wina.

Ndimasoka zikwama ndi madiresi a chitenge. Nsalu ndimaoda ku Kamwala, makina anga awiri ali m'kachipinda ku Kabwata. Mu 2019 mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu anandipangira webusaiti ya masamba atatu chabe: zithunzi, mbiri ya bizinesi ndi nambala ya foni. Chaka chilichonse ndinkamutumizira ndalama imene ankaitcha ya renewal, osafunsa zambiri. Dzina la webusaitiyo ndinalisindikiza pa malebulo a zovala, pa malisiti, mpaka pa chikwangwani cha pakhomo.

Chimene chinandidzutsa ndi kutopa ndi WhatsApp. Munthu akutumizira "zingati?" pakati pa usiku, umutumizira zithunzi khumi, ati "nizabwela mailo", ndiye wapita. Ndinafuna shopu yeniyeni ya pa intaneti, yoti munthu aone yekha mtengo, saizi ndi zimene zatsala, alipire, ine ndili pa makina. Mwana wa mkulu wanga, amene anaphunzira zamakompyuta, anavomera kundithandiza. Funso lake loyamba linali lakuti, "Ba aunty, domain ili mu dzina la ndani?"

"Ni yanga," ndinatero. "Nimalipila chaka chilichonse."

Anaseka. "Na mu basi mumalipila daily, manje basi ni yanu?"

Anandikhazika pansi. Domain ndi dzina lija munthu amalemba kuti akupezeni. Hosting ndi malo amene zithunzi ndi masamba anu amasungidwa. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngati adiresi ndi nyumba. Dzinalo silimagulidwa kamodzi n'kukhala lako mpaka kalekale ayi, umachita kulibwereka chaka ndi chaka kudzera ku kampani imene amaitcha registrar. Amene ali ndi akaunti ndi imelo kumeneko ndiye mwini. Titafufuza tinapeza kuti zonse zinali m'dzina la mnyamata uja, ndipo panali patatsala milungu isanu ndi umodzi kuti chaka chithe. Dzina likapanda kulipiridwa, webusaiti imazima. Pakapita nthawi, kuliwombola kumadula kwambiri, ndipo pamapeto pake limamasulidwa kuti aliyense alitenge. Ndinaganiza za malebulo amene ali kale pa madiresi a anthu mu Lusaka muno, mutu unandiwawa.

Mnyamatayo anali atasamukira ku Solwezi ndipo nambala anasintha. Ndinamupeza kudzera mwa amayi ake, tikutuluka m'mapemphero. Ndinali nditakonzeka kukalipa, koma ndinene zoona, sanali wakuba. Mu 2019 ine ndinalibe imelo imene ndinkatsegula, choncho anangolemba yake, monga anachitira ndi makasitomala ake ena. Vuto ndi lakuti akanadwala, kapena tikanayambana, ine ndikanatsala ndi chikwangwani chabe.

Kusamutsa dzina la .com kuli ndi njira yake. Mwini wakale amalitsegula loko, kenako amapempha nambala yachinsinsi imene amaitcha EPP code. Inu mumatsegula akaunti yanu ku registrar watsopano ndi imelo yanu, mumalowetsa nambalayo ndi kulipira chaka chimodzi. Zimatha kutenga masiku asanu kapena kupitirirapo pang'ono. Pali kamsampha kamodzi: dzina limene langolembetsedwa kapena kusamutsidwa kumene silisuntha kwa masiku 60, ndipo makampani ambiri amalitsekanso masiku 60 ngati mwasintha dzina kapena imelo ya mwini. Mnyamata uja, pofuna kuthandiza, anali pafupi kulembapo dzina langa tisanasamutse. Mwana wa mkulu wanga anamuimbira msanga kuti asakhudze chilichonse. Tinalembetsanso dzina lomwelo ndi .co.zm, amene ali pansi pa ZICTA, kuti wina asatipondere.

Pomwe tinagwa ndi pa imelo. Titaloza dzina ku hosting yatsopano, tinaiwala kukopera mizere ina yotchedwa MX, imene imauza makalata kopita. Webusaiti inkatseguka bwinobwino, ife n'kumasangalala, osadziwa kuti kwa masiku atatu kalata iliyonse inkabwerera kwa wotumiza. Mayi wina anali atalemba kufuna madiresi ofanana a azimayi a chilanga mulilo cha mwana wake. Poona kuti kalata yabwerera, anaganiza kuti ndinatseka, anakasokesa kwina. Ndinamva nkhaniyi mwezi utatha, kwa mnzake. Ndalama imeneyo ikanalipira lendi ya kachipinda, ndipo mpaka lero ikandibwerera m'mutu ndimaimitsa makina kaye.

Shopu yeniyeniyo tinaimanga pa WordPress ndi WooCommerce. Mapulogalamu amenewa ndi aulere, koma musanamizidwe, ntchito yake si yaulere. Chikwama chilichonse chimafuna chithunzi, muyezo, mtengo ndi chiwerengero cha zimene zilipo. Ndinajambula zonse m'mawa pakhonde, pakhoma loyera, chifukwa kuwala kwa babu kumasintha mtundu wa chitenge ndipo kasitomala amadzati mwamunamiza. Zithunzizo tinazichepetsa kulemera. Ogula anga ambiri amatsegula pa foni ali m'basi, pa jamu ya mu Kafue Road, ndi bundle yotsala pang'ono. Tsamba likachedwa, amatseka. Maadiresi a masamba akale tinawalozetsa ku atsopano, kuti amene anasunga linki yakale asagwere pa tsamba lopanda kanthu.

Za malipiro, ndinakana kuyamba ndi makhadi a kubanki. Anthu anga amalipira ndi Airtel Money ndi MTN MoMo. Makampani olumikiza malipiro amenewa ku webusaiti alipo, koma amene ndinafunsa anafuna mapepala a PACRA ndi TPIN ya ku ZRA, ndiponso amadula kachigawo pa malonda aliwonse. Mapepala ndinali nawo, koma poyamba tinachita zapafupi: munthu aoda, atumiza ndalama ku nambala ya bizinesi, alemba nambala ya transaction, ine nditsimikiza. Mu tauni katundu amapita ndi anyamata a njinga zamoto. Wa ku Chipata kapena ku Kitwe ndimakakweza pa basi ku Intercity, ndipo mtengo wotumizira umaoneka munthu asanalipire, kuti tisakangane pambuyo.

Mapasiwedi onse tsopano ali m'kabuku kamene ndimasunga pamodzi ndi NRC yanga, ndipo tsiku la renewal ndinalilemba ndi choko pakhoma, pamwamba pa makina. Oda yoyamba inalowa usiku ndili mtulo, zikwama ziwiri zopita ku Kabwe, zolipiridwa kale. Yachiwiri inabwera m'mawa mwake pa WhatsApp. Mayi wina anajambula tsamba la shopu, mtengo ukuoneka bwinobwino pansi pa diresi, n'kunditumizira ndi funso lakuti, "Ba sister, last price ni zingati?"