Mtedza wachuku umatseka misika iwiri: wakunja ndi wa boma

Ochita malonda ambiri a m'misika ya ku Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe sadziwa kuti mtedza umene amagulitsa pa ndowa umakambidwanso ku Geneva, m'dziko la Switzerland. Kumeneko ndi kulikulu la bungwe loona za malonda padziko lonse la WTO, lomwe dziko la Malawi linalowa m'chaka cha 1995. Pakapita zaka zingapo, bungweli limaunika ndondomeko za malonda za dziko lililonse lomwe ndi membala, ndipo Malawi anaunikidwa kangapo, kuphatikizapo mu 2002, 2010 ndi 2016.

Mwa zinthu zomwe amaunika, ziwiri zimakhudza thumba la wamalonda wamng'ono: malamulo oteteza chakudya, ndiponso momwe boma limagulira katundu.

Tiyambe ndi chakudya. Pangano la WTO limalola dziko lililonse kukana chakudya chomwe chingadwalitse anthu ake, bola pakhale umboni wa sayansi. Apa ndi pamene mtedza wathu umagwera. Kale mtedza wa Chalimbana unkapita wambiri ku Ulaya, koma msikawo unachepa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi poizoni wa aflatoxin yemwe amachokera ku chuku. Mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa kupitirira magawo 4 pa magawo biliyoni imodzi a poizoniyu. Njere zowola zochepa chabe zitha kukanitsa katundu wa lole yonse. Poizoniyu satha ngakhale mukazinge kapena kusinja mtedzawo, ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi.

Chuku chimakonda chinyezi. Mtedza wowazidwa madzi kuti usweke msanga kapena kuti ulemere pa sikelo ndi umene umayamba kuwola. Pogula, lumani njere: youma bwino imathetheka. Kanani mtedza wonunkha chinyontho, chotsani njere zonyala, zoboola ndi zosintha mtundu, ndipo matumba muziwasanja pa matabwa, osati pa simenti kapena kuwatsamiritsa kukhoma. Mtedza wosaswa umasungika bwino kuposa woswa.

Amene mumawoloka ndi katundu pa chipata cha Mchinji kupita ku Chipata, kumbukirani kuti ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono imachepetsa mapepala a kasitomu, koma sichotsa zitupa zosonyeza kuti mbewu zilibe matenda ndi tizilombo. Zitupazo zimachokera ku unduna wa zamalimidwe. Kwa opanga chiponde, ufa kapena mafuta ophikira, khomo loyamba ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972. Popanda chizindikiro chake, masitolo akuluakulu sangaike katundu wanu pa shelefu. Dziwaninso kuti lamulo limafuna mchere wokhala ndi ayodini, komanso shuga ndi mafuta ophikira okhala ndi vitamini A.

Nkhani yachiwiri ndi msika wa boma. Zipatala, ndende ndi sukulu zogonera zimagula chimanga, nyemba ndi mafuta chaka chonse. WTO ili ndi pangano lomwe limatsegulira makampani akunja makontirakiti a boma, koma Malawi sanalowe m'panganoli. Izi zikutanthauza kuti boma lili ndi ufulu wokondera amalonda a m'dziko muno. Lamulo la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe la PPDA, linapereka mwayi wotere, ndipo mu 2020 boma linatulutsa lamulo lina losungira mabizinesi ang'onoang'ono, achinyamata ndi amayi ena mwa makontirakiti ake.

Koma mwayiwo sufika kwa munthu wopanda mapepala. Muyenera kulembetsa bizinesi yanu ku boma, kutenga nambala ya msonkho ku MRA pamodzi ndi chitupa chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, kenako kulembetsa ku PPDA. Ngati panokha simungadzaze oda ya matumba ambiri, lowani mu kopaletivi. Mutu umodzi susenza denga. Muziyang'ana zidziwitso m'nyuzipepala ndi pa mabolodi a kumakhonsolo. Musapereke katundu popanda LPO yosainidwa, ndipo pokhazikitsa mtengo werengerani kuti malipiro a boma amatha kuchedwa. Mpamba wonse usathere pa oda imodzi.

Misika iwiriyi imafuna chinthu chimodzi: katundu waukhondo wokhala ndi umboni wake. Wogula wa ku Ulaya amayeza mu labotale, ndipo komiti yolandira katundu pachipatala ili ndi mphamvu yobweza thumba lonunkha chuku. Amene mukugula mtedza nyengo ino, yambani ndi matabwa osanjirapo matumba ndi kope lolembamo komwe thumba lililonse lachokera. Katundu akakanidwa, mudzadziwa mlimi woti mukambirane naye.