KUDWAZIKA ACIKULIRE OTSEGULA M'MIMBA NDI KUSANZA

M'makomboni a ku Katete, Sinda ndi Vubwi nyumba zambiri zisunga agogo amene anacoka kumudzi kudzakhala ndi ana ao. Matenda otsegula m'mimba ndi kusanza akalowa m'nyumba yotere, maso onse apita kwa ana ang'ono. Koma munthu wa zaka zopitirira 65 nayenso ali pa ngozi yaikulu. Comwe cipha msanga ndico kutha kwa madzi ndi mcere m'thupi.

Gwero la matendawa

Kawirikawiri matendawa abwera ndi tizirombo ta mtundu wa mavairasi. Todziwika kwambiri ndi norovirus, kamene kanapezeka mu 1972, ndi rotavirus, kamene kavutitsa makamaka ana ndipo katemera wake anafika m'dziko lonse la Zambia mu 2013. Tizirombo timeneti tituluka m'cimbudzi ndi m'masanzi a wodwala, ndi kulowa m'kamwa mwa wina kupyolera m'manja osasamba, m'madzi, m'cakudya ndi m'ziwiya.

Wotenga norovirus ayamba kudwala patapita maola 12 kufikira 48. Asanza mwadzidzidzi, acita cimbudzi ca madzi, m'mimba mupota ndipo thupi litentha pang'ono. Ambiri acira pa masiku atatu, koma acikulire angacedwerepo. Mankhwala monga Flagyl ndi Septrin sapha mavairasi, motero kuwagula pa kantemba ndi kutaya ndalama cabe.

Cifukwa cace acikulire afooka msanga

Munthu akakalamba samva ludzu bwino ngakhale thupi lauma, ndipo impso zace sizisunga madzi monga kale. Ena akana dala kumwa poopa kudzionongera zobvala kapena kubvutitsa adzukulu usiku. Kutsina khungu, kumene kuthandiza poyesa mwana, kunamiza pa wokalamba popeza khungu lace ndi lokwinyika kale. Wodwazika ayang'ane lilime ngati lauma, maso ngati alowa, mkodzo ngati wacepa ndi kuda, ndiponso cizungulire poimirira. Agogo akayamba kulankhula zosamveka kapena kuiwala anthu a m'nyumba, nthawi zambiri ndi madzi amene atha m'thupi. Si misala, si ufiti.

Madzi a moyo

Mankhwala oyamba ndi madzi a moyo, amene pa kiliniki achedwa ORS. Paketi imodzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira Clorin. Ngati paketi palibe, mu lita imodzi mulowe masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere, osasefukira. Otsala pambuyo pa maola 24 atayidwe.

Wodwala amwe kapu imodzi kapena awiri nthawi iriyonse akacoka ku cimbudzi. Wodwazika asadikire kuti agogo apemphe. Awakhazike tsonga, awapatse pang'onopang'ono ndi supuni kapena kapu. Akasanza, papite mphindi 10, kenaka ayambenso mwacifatse. Wofooka agone cammbali kuti masanzi asalowe m'mapapo.

Cakudya cisaleke. Phala, mpunga, nthoci zakupsa, mbatata ndi nsima yofewa ziperekedwe pang'ono koma kawirikawiri. Mowa, kacasu ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zionjezera bvuto.

Amene amwa mankhwala masiku onse

Mapiritsi a BP, makamaka okodzetsa, mapiritsi a shuga a metformin, ndi oletsa ululu monga Brufen ndi diclofenac angaononge impso kapena kudzetsa ngozi zina pamene thupi lauma. Banja lifunse ku kiliniki tsiku lomwelo ngati ayenera kuyamba aimitsidwa. Ma ARV ndi mankhwala a TB asalekedwe, ndipo ngati wodwala awasanza, a cipatala adziwitsidwe msanga.

Ukhondo ndi ulemu

Cidebe cokhala ndi cibvundikiro ciikidwe pafupi ndi pogona, cifukwa acikulire ambiri agwa ndi kuthyoka fupa pothamangira ku cimbudzi mumdima. Akadzionongera asambitsidwe ndi madzi ofunda, apukutidwe bwino ndi kudzozedwa Vaseline kuti khungu lisasupuke. Wosatha kudzuka atembenuzidwe maola awiri alionse. Nchito imeneyi igwiridwe mseri, popanda kukalipa. Ngati kutheka, agogo aamuna asambitsidwe ndi mwamuna ndipo agogo aakazi ndi mkazi, popeza manyazi pa mpongozi acititsa ambiri kubisa matenda.

Pamene pagwa masanzi kapena cimbudzi pathiridwe Jik wosakaniza, kapu imodzi ku makapu 6 a madzi, ndipo papite mphindi 10 asanakolope. Zofunda zicapidwe pazokha ndi kuyanikidwa pa dzuwa. Manja asambidwe ndi sopo ndi madzi othira, osati m'beseni limodzi. Mankhwala opaka m'manja a spiriti sakwanira pa norovirus. Wodwala akhale ndi kapu ndi mbale yace, ndipo amene wacira asaphikire ena mpaka papite masiku awiri.

Nthawi yothamangira ku cipatala

Agogo atengedwe mosacedwa ngati asanza ciriconse cimene amwa, sanakodze kwa maola 8, asokonezeka mutu kapena sadzuka bwino, cimbudzi ciri ndi magazi, thupi latentha kwambiri, m'mimba muwawa kosalekeza, kapena masiku awiri apita popanda kusintha. Cimbudzi cocuruka cooneka ngati madzi otsukira mpunga cingakhale kolera, imene inabuka ku Vubwi mu Januwale 2023 ndipo ingaphe pa maola ocepa.

Kiliniki yapafupi ndiyo poyambira. Odwala kwambiri atumizidwa ku zipatala zazikulu monga St Francis ku Katete ndi Nyanje ku Sinda, kumene alandira madzi a m'dilipi. Paulendo banja linyamule khadi la cipatala, mankhwala onse amene agogo amwa, ndi botolo la madzi a moyo kuti azimwa m'njira.