Ophunzira a ku Sekondale ndi Mabungwe Amene Amayendetsa Okha

Mwana wanu wa Folomu 2 akachedwa kufika pakhomo, n'kunena kuti anali ku msonkhano wa kalabu, mumamuyankha bwanji? Makolo ambiri amakalipa kuti adamutumiza kukaphunzira, osati kukachita misonkhano. Nkhawa yawo ndi yomveka, pakuti mayeso a MSCE ndi ovuta. Komabe demokalase siphunziridwa pa bolodi pokha. Munthu amaiphunzira poichita.

Kodi mabungwe amenewa ndi otani?

M'sukulu zambiri za sekondale muli makalabu a zachilengedwe, a mtsutso, a zisudzo, a Edzi Toto, ndiponso mabungwe achikhristu monga YCS ndi SCOM. Sukulu zina zili ndi khonsolo ya ophunzira, imene imatengera madandaulo ndi maganizo a anzawo kwa mphunzitsi wamkulu. Bungwe tinganene kuti ndi la ophunzira ngati iwo eni amasankha wapampando, mlembi ndi msungichuma, amakonza okha zochita, ndipo mphunzitsi amangowalangiza. Ngati zonse amalamula ndi mphunzitsi, ndiye kuti ophunzirawo angobwereketsa dzina.

Kodi malamulo akutinji?

Mu 1989 bungwe la United Nations lidakhazikitsa pangano la ufulu wa ana, ndipo dziko la Malawi lidalivomereza mu 1991. Ndime 12 ya panganoli imapatsa mwana ufulu wonena maganizo ake pa nkhani zomukhudza, ndi kuti akulu awaganizire molingana ndi msinkhu wake. Ndime 15 imamulola kusonkhana ndi anzake mwamtendere. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 nawonso amateteza ufulu wolowa m'mabungwe mu ndime 32, ndi ufulu wolankhula zakukhosi mu ndime 35. Ufulu umenewu suthera pa chipata cha sukulu, koma umayenda limodzi ndi udindo wolemekeza aphunzitsi ndi kusamala katundu wa sukulu.

N'chifukwa chiyani akulu ena zimawavuta?

Chisanafike chisankho cha riferendamu cha pa 14 June 1993, achinyamata ankasonkhanitsidwa ndi akuluakulu m'magulu monga Malawi Young Pioneers, ndipo chachikulu chimene ankaphunzira chinali kumvera. Amene adakula nthawi imeneyo angaone ngati mwana wofunsa mafunso ndi wamwano. Koma nzika yongomvera siingafunse phungu kapena khansala za ndalama za chitukuko.

Kodi ophunzira amapindulanji?

Choyamba, amaphunzira kusankha bwino. Munthu amayamba kuvota akakwanitsa zaka 18, msinkhu umene ophunzira ambiri amafika ali Folomu 4 kapena atangomaliza. Amene adazolowera kuvota mwachinsinsi pa sukulu, kukana kugulidwa ndi maswiti, ndi kuvomereza akagonja, sanyengeka msanga ndi mphatso za pa kampeni, zimene lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa.

Chachiwiri, amaphunzira kusamala chuma cha gulu. Msungichuma wa kalabu amene amalemba ndalama zolowa ndi zotuluka, n'kuziwerenga pamaso pa anzake kumapeto kwa teremu, ndiye adzasunga bwino ndalama za komiti ya mjigo kapena za banki m'khonde.

Chachitatu, amaphunzira kudandaula mwamtendere. Tamvapo za ophunzira akuswa magalasi ndi kutentha nyumba za sukulu chifukwa cha chakudya kapena chilango. Mapeto ake sukulu imatsekedwa, ena amachotsedwa, ndipo makolo ndiwo amalipira zowonongeka. Kawirikawiri moto wotere umabuka pamene dandaulo lasowa kolowera. Khonsolo yokumana ndi mphunzitsi wamkulu nthawi ndi nthawi, n'kubweza yankho kwa anzawo, imazimitsa moto udakali waung'ono.

Zoyenera kusamala

Misonkhano isalande nthawi ya makalasi, ndipo izitha dzuwa lisanalowe kuti oyendera afike kwawo bwino. Atsikana asamangopatsidwa ntchito yosesa ndi kulemba. Nawonso apikisane pa mpando. Andale asalowerere n'kusandutsa ana athu zida za chipani. Wosankhidwa akumbukire kuti ndi mtumiki wa anzake, osati bwana wozunza a Folomu 1.

Udindo wa makolo

Mufunseni mwana wanu kuti ali m'bungwe liti, adasankha bwanji atsogoleri, ndipo achita chiyani teremu ino. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, funsani ngati sukulu ili ndi njira yomvera ophunzira. Akulu adati m'mera mpoyamba. Atsogoleri amene tidzawadandaule kapena kuwayamikira mawa, lero ali m'kalasi.

Mafunso okambirana mu mphakati

1. Ndi mabungwe ati a ophunzira amene ali pa sekondale ya m'dera lathu, ndipo amawayendetsa ndani?
2. Kodi pakhomo pathu timawalola ana kunena maganizo awo pa nkhani zowakhudza?
3. Tingathandize bwanji atsikana kuti atenge maudindo popanda kubwerera m'mbuyo pa maphunziro?